Za Kufuna Dotolo wa Nsagwada ndi Nkhope

Abale okondedwa a ku Phalombe, inu okhala m'tsinde mwa phiri la Michesi ndi inu a m'cigwa cotsikira ku nyanja ya Chilwa, mwezi uno tifuna kuceza nanu za nthenda zimene ambiri aziyesa zazing'ono kufikira tsiku limene zimtseka munthu pakamwa. Dzino likawawa tonse tidziwa cocita: munthu apirira masiku awiri kapena atatu, ndipo zikamkanika apita kukalizulitsa. Koma ziripo nthenda zina za m'kamwa zimene sizitha ndi kuzula dzino iai, pakuti muzu wace uli m'pfupa la nsagwada, kapena pa lilime, kapena pansi pa cibwano. Nthenda zotere zifuna dotolo wina wophunzira kopambana, ndipo m'dziko mwathu muno madotolo otere ngowerengeka. Cifukwa cace nkwabwino kuti banja liri lonse lidziwe njira yomfikira bvuto lisanagwe, pakuti nyumba ikayamba kupsa si nthawi yofunsa kumene kuli citsime.

Tiyerekeze banja lina la ku Nambazo. Mwana wao wamwamuna wa zaka 6 wadzuka m'mawa tsaya liri lotupa. Salira, sadandaula, ndipo phala ali kumwa monga mwa masiku onse. Amai ace ali ndi nkhawa, koma agogo ati, "Mwana wanga, usabvutike mtima, matsagwidi awa, atha okha." Pakutha sabata limodzi cotupa cija cakula kowirikiza, mano a mbali yomweyo ayamba kugwedezeka, ndipo diso layamba kutong'oka. Amai ati, "Bambo, tiyeni naye kucipatala." Bambo ayankha, "Tidikire atsibweni ace abwere kucokera ku Limbe. Sindingapite kutali ndi mwana wa eni iwo osadziwa." Taonani, palibe mmodzi mwa anthu awa amene ali woipa mtima, onse amkonda mwanayo. Koma masiku amene ali kutayika m'kudikira kumeneku ndiwo amene akadampulumutsa. Tidzabwerera kwa banja limeneli potsiriza. Poyamba tione dotolo amene ali kufunika.

Dotolo ameneyu ndani?

Anchito a mano ali m'magulu atatu. Oyamba ndi amene m'Cingerezi achedwa dental therapist. Iwowa aphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo ndiwo amene muwapeza kawirikawiri m'cipinda ca mano pa zipatala za m'maboma. Azula mano, amata obooka, atsuka m'kamwa, apatsa mankhwala, ndipo adziwa kuzindikira nthenda imene iwaposa mphamvu. Aciwiri ndi madotolo a mano, amene aphunzira zaka 5 pa sukulu yaikuru. Acitatu ndi akatswiri: dotolo wa mano amene, atatsiriza zaka zijazo, aonjeza zina 4 kapena kuposerapo, kuphunzira opareshoni ya m'kamwa, ya nsagwada ndi ya nkhope. M'maiko ena, monga ku Britain, amfunanso akhale ndi maphunziro a udotolo wa thupi lonse. M'Cingerezi dzina lace ndi oral and maxillofacial surgeon. Ife timchule dotolo wa nsagwada ndi nkhope. Mau akuti maxillofacial muwasunge pamtima kapena muwalembe pa pepala, pakuti ndiwo amene alembedwa m'makalata a cipatala.

Nchito imeneyi inakula pa nkhondo yaikuru ya 1914 mpaka 1918, yomwe ija makolo athu analowa monga asilikari ndi amtengatenga. Ku Ulaya zipolopolo ndi mabomba zinaphwanya nkhope za anyamata ambirimbiri. Dotolo Harold Gillies, wobadwira ku New Zealand, anatsogolera nchito pa cipatala ca Queen's ku Sidcup, m'dziko la England, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1917. Kumeneko madotolo a opareshoni ndi madotolo a mano anagwira nchito pamodzi, ataona kuti nsagwada yothyoka siikhala bwino ngati mano a kumwamba ndi a kunsi sakumana monga kale. Nzeru imeneyo ndiyo maziko a nchitoyi kufikira lero lino.

Nthenda zimene zimfuna

Yoyamba ndi kuthyoka kwa nsagwada. Kale munthu anali kuthyoka nsagwada pa ndeu ya pamowa, kapena pogwa mu mtengo wa mango. Lero kwaonjezeka njinga zamoto za kabaza, zimene zithamanga pa mseu wa ku Migowi ndi ku Chiringa zitasenza anthu atatu opanda cisoti. Ndiponso ife a kuno sitiiwala madzi ndi miyala zimene zinatsika m'phiri m'mwezi wa March 1991, ndi namondwe Freddy wa m'mwezi wa March 2023, m'mene ambiri anafa ndi ena ambiri anabvulala. Zizindikiro za nsagwada yothyoka ndi izi: mano sakumana bwino potseka pakamwa, mlomo wa m'munsi ucita dzanzi, mwazi uturuka pakati pa mano, ndipo munthu alephera kutafuna. Wobvulala wotere musamgoneke cagada, pakuti mwazi ndi lilime zingamtseke kummero. Mgonekeni cammbali, kapena akhale tsonga ataweramira kutsogolo, ndipo ngati adandaula khosi musampotoze mutu pomnyamula. Dotolo amanga mano a kumwamba ndi a kunsi pamodzi ndi waya masabata 4 mpaka 6, kapena alumikiza pfupalo ndi tizitsulo. Nchitoyi iyenda bwino m'masiku oyamba. Pfupa likalumikizika lokha mokhota, kuliongola kufuna opareshoni yaikuru. Mwana wogwa namenyetsa cibwano pansi nayenso aonedwe, pakuti mfundo ya nsagwada ya pafupi ndi khutu ikabvulala osasamalidwa, ikhoza kuuma, mwana nakula osatha kutsegula pakamwa.

Pa ngozi zomwezi dzino la munthu wamkuru likhoza kuguluka lonse ndi muzu wace womwe. Ligwireni kumutu, osati ku muzu. Litsukeni pang'ono ngati lada, ndipo libwezereni m'malo mwace, kapena liikeni mu mkaka, nimuthamange nalo kucipatala ola lisanathe. Koma dzino la ubwana, la mwana amene sanagulule, silibwezeredwa.

Yaciwiri ndi mafinya ocokera ku dzino lobvunda. Dzino lobooka likasiyidwa, tizirombo titsikira ku muzu, ndipo mafinya afuna poturukira. Kawirikawiri aboola nkhama, koma nthawi zina alowera pansi pa lilime ndi m'khosi. Dotolo wa ku Germany, Wilhelm von Ludwig, analongosola nthenda imeneyi m'caka ca 1836, ndipo ichedwa ndi dzina lace. Mukaona kunsi kwa cibwano kwatupa mbali zonse ziwiri kolimba ngati thabwa, lilime lakwera m'mwamba, malobvu ali kutayika cifukwa munthu sangathe kumeza, mau asintha ndipo thupi latentha, musadikire kuti kuce. Nyamukani usiku womwewo, pakuti nthendayi ipha mwa kutseka mpweya. Cimodzimodzinso kutupa kwa dzino kumene kwafika ku diso. Odwala nthenda ya shuga ndi amai apakati acenjere koposa. Ndipo si zoona zimene anena ena kuti mai wapakati saloledwa kuthandizidwa dzino. M'gulu lomweli muli mano anai a kumapeto, amene amera munthu ali ndi zaka 17 mpaka 25, ndi kukwaniritsa mano 32 a munthu wamkuru. Nthawi zina asowa malo namera cogona m'kati mwa pfupa, ndipo kuwacotsa kufuna dzanja lodziwa.

Yacitatu ndi zotupa za nsagwada, ndipo ziri za mitundu yambiri; tichule iwiri. Cina cikula pang'onopang'ono zaka zambiri, cosawawa, makamaka pa nsagwada ya kunsi, ndipo cichedwa ameloblastoma. Kawirikawiri sicifalikira m'thupi monse monga khansa, koma cidya pfupa m'kati monga ciswe cidya mtanda wa denga, kunja kuli kuoneka kwabwino. Cikadali cacing'ono dotolo acotsa kacigawo kocepa. Cikakula ayenera kudula nsagwada, naikapo citsulo kapena pfupa lotenga ku nthiti, m'ciuno kapena ku mwendo wa wodwala yemweyo. Munthu amene acedwa cifukwa sakumva kuwawa ndiye amene ataya pfupa lalikuru.

Cina cikula mofulumira kwambiri mwa ana, ndipo ndico cimene tiopa pa mwana wa ku Nambazo uja. Dotolo Denis Burkitt, wa ku Ireland, anacilongosola m'caka ca 1958 ali pa cipatala ca Mulago ku Kampala, ndipo m'caka ca 1961 anayenda ulendo wautali pa galimoto m'maiko a kuno, ndi Nyasaland yemwe, kufunsa m'zipatala kumene nthendayi ipezeka. Anaona kuti icuruka m'malo otentha ndi a cinyezi, kumene malungo ali ambiri, ndipo isowa pamwamba pa mapiri pozizira. Pambuyo pace, m'caka ca 1964, kunapezeka kacirombo kochedwa Epstein-Barr, kamene pamodzi ndi malungo obwerezabwereza kathandiza kuyambitsa nthendayi. Inu a m'mbali mwa Chilwa ndi Mpoto, kumene udzudzu suleka, cherani khutu: khansa imeneyi ikhoza kukula kowirikiza m'masiku owerengeka, koma iri imodzi mwa zimene zimva mankhwala msanga. Siicotsedwa ndi mpeni. Dotolo atenga kacidutswa kokha kukayeza, ndipo mwana alandira mankhwala a m'mitsempha m'cipinda ca ana odwala khansa ku Queen Elizabeth. Ana ambiri ofika msanga acira.

Yacinai ndi cironda ca m'kamwa cosapola. Cironda ca pa lilime, ca m'tsaya kapena ca pa nkhama cimene catha masabata 3 osapola, banga loyera kapena lofiira losacoka, kapena mwanabere wolimba m'khosi, zonsezi zionetsedwe kucipatala. Osuta cingambwe, oika fodya m'kamwa ndi akumwa kacasu ali pa ngozi koposa anzao. Mwa anthu amene ali ndi HIV, mabanga akuda mofiirira kumwamba kwa m'kamwa akhoza kukhala nthenda ya Kaposi, imene iri ndi mankhwala ace.

Yacisanu ichedwa noma. Igwira ana a zaka 2 mpaka 6 ofoka ndi njala, kapena ocira kumene cikuku kapena malungo. Iyamba ngati kacironda ka pa nkhama kononkha, ndipo m'masiku ocepa iboola tsaya. Mwa osalandira mankhwala ambiri amwalira, ndipo opulumuka atsala ndi nkhope yoonongeka. Koma ikapezeka ikadali pa nkhama, mankhwala opha tizirombo, kutsuka m'kamwa ndi cakudya cokwanira ziiletsa. M'mwezi wa December 2023 bungwe la World Health Organization linaiika m'gulu la nthenda zonyalanyazidwa za m'maiko otentha. Caka ca njala amai aziyang'ana m'kamwa mwa ana ao.

Yotsiriza ndi mlomo wong'ambika cibadwire, kapena kumwamba kwa m'kamwa kosatsekeka. Pa dziko lonse lapansi mwana mmodzi mwa ana ngati 700 abadwa cotero. Zicitika m'miyezi itatu yoyamba ya pakati, pamene mbali za nkhope ya mwana zilephera kulumikizana. Si ufiti, si cilango ca kulakwa kwa mai, ndipo mai asanyozedwe kapena kusiyidwa ukwati cifukwa ca ici. Mlomo usokedwa mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6, ndipo kumwamba kwa m'kamwa ali ndi caka cimodzi kapena kupitirira pang'ono, asanazolowere kulankhula. Koma madotolo sacita opareshoni pa mwana woonda. Cotero nchito yoyamba ndi kumdyetsa. Akalephera kuyamwa, mai afinyire mkaka wace m'kapu yoyera, nammwetse pang'onopang'ono atamkhazika tsonga.

Cifukwa cace madotolo awa asowa

Pa kalembera wa caka ca 2018 anthu a m'Malawi anali oposa 17 miliyoni, ndipo a boma la Phalombe okha anaposa 400,000. Koma madotolo a mano m'dziko lonse pa nthawiyo sanafike 50, ndipo ambiri a iwo anali m'mizinda. Onsewo anaphunzira kunja, popeza kuno kunalibe sukulu yace. M'caka ca 2019 College of Medicine ya ku Blantyre, mothandizana ndi University of Glasgow ndi ndalama za Boma la Scotland, pa nchito yochedwa MalDent, inayamba kuphunzitsa madotolo a mano. Dr James Mchenga, Mmalawi, katswiri wa nsagwada ndi nkhope amene anaphunzira ndi kugwira nchito ku South Africa, anabwerera kwao kudzatsogolera maphunzirowo. M'caka ca 2021 sukuluyo inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing, nikhala Kamuzu University of Health Sciences. M'caka ca 2022 Boma linaturutsa ndondomeko yace yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Ndipo m'caka ca 2025 ophunzira oyamba anatsiriza maphunziro ao.

Ici ndi ciyambi cabwino, koma mtengo wa mbawa sukula caka cimodzi. Kuti mmodzi wa anyamata ndi atsikana amenewa akhale katswiri wa nsagwada pafunika zaka zinanso. Cotero musataye nthawi kumfuna pa msika wa Migowi kapena wa Chiringa. Akatswiri otere apezeka pa zipatala zazikuru za m'mizinda, ndipo kwa ife a ku Phalombe khomo lace lenileni ndi Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene ambiri akuchula kuti ku Gulupu. Koma khomo limenelo liri ndi makwerero ace, ndipo wofuna kuwalumpha ndiye amene acedwa.

Njira yocokera kumudzi

Boma la Phalombe linapatulidwa ku Mulanje m'caka ca 1998, ndipo kwa zaka zambiri linalibe cipatala cacikuru ca Boma. Odwala kwambiri anali kutumizidwa ku Holy Family, cipatala ca mishoni. M'caka ca 2022 kunatsegulidwa cipatala ca Boma ku Migowi, cochedwa John Chilembwe. Cotero makwerero ali atatu.

Loyamba ndi cipatala cacing'ono ca kwanu, monga ca Nambazo, Mpasa, Chitekesa, Nkhulambe kapena Kalinde. Fotokozani zonse: tsiku limene cotupa cinayamba, ngati ciri kukula, ndi mankhwala amene mwamwa kale, angakhale a kwa sing'anga. Musabise kanthu, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Zonse zilembedwe m'buku lanu la cipatala. Ngati mwapatsidwa mankhwala, mwamwa onse, koma cotupa sicinaphwe, bwererani komweko mukanene. Musayambe kugula makapisozi pa msika, amene aziziritsa kuwawa nthenda iri kukulabe.

Laciwiri ndi cipatala ca ku Migowi kapena Holy Family. Pemphani kuonana ndi a mano. Pa cipatala cotere akhoza kujambula mafupa ndi X-ray, kuturutsa mafinya, kuika diripi, ndi kulemba kalata yokutumizani patsogolo. Kalata imeneyi ndiyo mfungulo. Wopita ku cipatala ca m'mzinda wopanda kalata akhoza kubwezedwa, kapena kutaya masiku pa makomo olakwika. Pa zipatala za Boma cithandizo ca anthu wamba sicilipiridwa; pa za mishoni pali malipiro, cinkana pa zina, makamaka za amai apakati ndi ana, pakhala pangano ndi Boma; cotero funsani poyamba. Funsaninso ngati pali ambulansi yopita kumene akutumizaniko, ndi tsiku limene katswiri aona odwala, kuti musaononge ndalama za ulendo pa tsiku lolakwika. Safunsa anadya phula.

Lacitatu ndi zipatala zazikuru koposa, zimene m'Malawi ziri zinai: Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba Central, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Mzuzu Central. Ena atumizidwa ku Zomba, pa mseu wa ku Jali, ndipo a ku Zomba akaona kuti nthendayo iwaposa atumizanso ku Blantyre. Musakhumudwe nazo, ndiyo njira yace. Ku Queen Elizabeth funsani cigawo ca mano, nimuonetse kalata yanu. Pomwepo pali Mercy James, nyumba ya opareshoni ya ana imene inatsegulidwa m'caka ca 2017. Za milomo yong'ambika, bungwe la Operation Smile linayamba kusoka ana m'dziko muno kwaulere m'caka ca 2012, ndipo cipatala ca Beit CURE, cotsegulidwa ku Blantyre m'caka ca 2002, cithandizanso ana a zilema zofuna opareshoni. Mwana wotere akangobadwa, pemphani anamwino alembe dzina lace ndi mudzi wace, ndipo akuuzeni kumene mudzapite naye nthawi ikakwana.

Zonyamula ndi zofunsa

Nyamulani buku la cipatala, kalata, zithunzi za X-ray ngati mwapatsidwa, citupa ca unzika, mankhwala onse amene mumwa masiku onse, monga a shuga, a kuthamanga kwa mwazi kapena ma ARV, ndiponso mbale, kapu, bulangete, ufa pang'ono ndi foni. Pakhale womdikirira mmodzi wamphamvu, wakumva msanga ndi wosaopa kufunsa, pakuti wodwala nsagwada salankhula bwino, ndipo womdikirira ndiye pakamwa pace. Ndalama za ulendo zisasiyidwe pa mai yekha. Mutu umodzi susenza denga. Acibale ndi a banki ya m'mudzi asonkhe msanga. Kugulitsa thumba la nandolo lero kuposa kudzagulitsa mbuzi zonse mawa.

Pamaso pa dotolo funsani mwaulemu koma mosaopa: Kodi nthendayi dzina lace nciani? Kodi ifuna opareshoni kapena mankhwala? Tikacedwa cidzacitika nciani? Tibwerenso tsiku liti, ndipo tidzafikire khomo liti? Mayankho alembedwe m'buku. Akatenga kacidutswa ka cotupa kukayeza, zotsatira zace zitenga masiku kapena masabata. Ambiri atayika pamenepa, pakuti abwerera kumudzi osapitanso, poganiza kuti kudula kuja ndiko kunali kuciza. Iai, kumeneko kunali kufunsa cabe, ndipo yankho muyenera kukalitenga. Enanso athawa usiku poopa opareshoni, atamva kuti cotupa cikakhudzidwa ndi mpeni munthu afa. Cimene cipha ndi kufika mocedwa, ndipo amene anafa atacitidwa opareshoni kawirikawiri ndi omwe aja anayamba ayendayenda miyezi yambiri kwina.

Cenjerani ndi awa

Alipo ozula mano m'misika ndi m'midzi ndi zitsulo zosaphika. Iwowa asiya muzu m'kati, nthawi zina athyola pfupa, ndipo zitsulo zao zikhoza kupatsa munthu HIV ndi nthenda ya ciwindi. Alipo otema mphini pa cotupa, ndi ena oika fodya, aspirin kapena mankhwala oocha pa dzino. Zonsezi zipsereza nkhama, nthenda niikhalabe. Wofuna kupita kwa dotolo wolipira ku Blantyre ali ndi ufulu, koma adziwe kuti lamulo la caka ca 1987 linakhazikitsa Medical Council of Malawi, imene ilemba maina a madotolo ololedwa, ndi a mano omwe. Dotolo woona sakwiya mukamfunsa ngati analembedwa, ndiponso ngati ali katswiri wa nsagwada kapena dotolo wa mano wamba. Ndipo mtengo wace mumve nchito isanayambe. Pa cipatala ca Boma munthu akakuitanirani pambali kuti mumpatse ndalama akutsogozeni pa mzere, kanani, nimukauze akuru a cipatalaco.

Pobwerera kumudzi

Womangidwa waya sangathe kudya nsima, koma ayenera kudya, pakuti pfupa sililumikizika m'thupi la njala. Mpatseni phala lamadzi la mgaiwa lothira nsinjiro, mkaka, thobwa losefa, msuzi wa nandolo kapena wa nyemba zosinja, nthoci ndi mapeyala zopota, kasanu pa tsiku kapena kuposerapo. Kalongonda, makaka ndi cimanga cokazinga zidikire. Atsuke m'kamwa ndi madzi ofunda a mcere atatha kudya. Asamwe mowa konse, pakuti wosanza mano ali omanga akhoza kutsamwa; musanacoke kucipatala funsani dotolo cocita akafuna kusanza. Waya asamasulidwe kumudzi, cinkana wodwala aumirire kuti wacira. Mwana wolandira mankhwala a khansa atsirize maulendo ace onse, cingakhale cotupa caphwa sabata loyamba, pakuti wolekeza panjira nthenda imbwerera yolimba koposa. Ndipo akatentha thupi pakati pa maulendowo, abwerere kucipatala tsiku lomwelo.

Zambiri mwa izi zikhoza kupewedwa ndi zinthu zazing'ono: cisoti pa njinga yamoto, kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe, kutsuka mano kawiri pa tsiku ndi mswaci ndi mankhwala a mano okhala ndi fluoride, kucepetsa shuga ndi maswiti, kugona m'masikito, katemera wa cikuku, ndi kuonetsa dzino likangoyamba kubooka.

Tsopano tibwerere ku Nambazo. Agogo aja sanalakwe poganiza za matsagwidi, pakuti ana ambiri atupa nao. Koma matsagwidi aphwa okha pasanathe masabata awiri, ndipo sagwedeza mano kapena kutong'ola diso. Bambo aja sanalakwe polemekeza mwini mbumba. Mwambo umenewo ngwabwino, ndipo sitiuphwanya. Koma lero kuli foni. Aimbe madzulo omwewo nati, "Alamu, mwana wanu watupa tsaya, ndipo ciri kukula tsiku ndi tsiku. Mawa tilawira naye kucipatala. Akatitumiza ku Gulupu, mukatipeze komweko." Palibe mtsibweni wanzeru amene angakane mau otere. Ndipo inu eni mbumba, lankhulanitu lero kwa alongo anu ndi akamwini anu, muwauze kuti pa nthenda ya mwana asadikire kubwera kwanu. Ayambe ulendo, nkhani mudzakamba mwana ali m'manja mwa dotolo.

Sungani tsamba ili m'buku la cipatala, ndipo muwawerengere anansi anu amene sadziwa kuwerenga. Ngati m'mudzi mwanu muli munthu wobisala m'nyumba atafunda nsalu kumaso cifukwa ca cotupa kapena mlomo wong'ambika, pitani mukamuone sabata lomwe lino, mumuuze njira, ndipo ngati nkotheka mumperekeze kufikira khwerero loyamba.